Dazi lafika paliwombo: kodi kuwokera tsitsi n'kothandiza?

Kuno ku Malindi ndi m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja mpaka ku Makanjira, n'kovuta kupeza banja lopanda mwana, mlamu kapena malume amene ali ku Joni. Obwerako amabwera ndi ndalama za malata, njinga zamoto ndi mafoni, ndipo masiku ano ena akubweranso ndi nkhani yoti dazi linapezeka mankhwala. Amati ku Johannesburg, ku Istanbul ndi ku India kuli madokotala amene amawokera tsitsi pamutu woti unayera kalekale. Zithunzi zake zili mbwee pa Facebook ndi pa TikTok. Opaleshoniyi ilipodi ndipo tsitsi limameradi. Koma otsatsa malonda satchula zimene zimamuchitikira munthu wa dazi lalikulu, loti lachoka pamphumi n'kukakumana ndi la paliwombo. Mafunso awa ndi a munthu ameneyo.

Kodi dazi limabwera chifukwa chiyani? Ena amati ndi chipewa, ena amati ndi chizindikiro cha chuma.

Si chipewa, si kofia ya ku mzikiti, si kusenza katundu, komanso si kuganiza kwambiri. Dazi la amuna ndi la kumtundu, ndipo munthu akhoza kulitengera kuchimuna kapena kuchikazi. Chimene chimalidzutsa ndi mahomoni achimuna. Mu 1942 katswiri wina wa ku America, James Hamilton, anaona kuti amuna amene anafulidwa asanathe msinkhu sachita dazi, koma akapatsidwa testosterone, aja amene kwawo kuli dazi ankayamba kuthothoka tsitsi. Pambuyo pake kunadziwika kuti gwero lenileni ndi DHT, imene thupi limapanga kuchokera ku testosterone. DHT imafooketsa mizu ya tsitsi la pamphumi ndi paliwombo pang'onopang'ono. Tsitsi limayamba kumera lopyapyala ndi lalifupi, kenako kumatsala kaubweya kosaoneka bwino, mapeto ake muzu umasiyiratu. Mizu ya kunkhongo ndi ya pamwamba pa makutu siigonja kwenikweni kwa DHT, n'chifukwa chake ngakhale agogo okalamba kwambiri amakhalabe ndi mzere wa tsitsi kumbuyo.

Zoti wadazi ndi wachuma tisamangozitenga ngati nthabwala za pabawo. Mu 2017 apolisi a ku Mozambique anachita kuchenjeza anthu adazi, amuna ena ataphedwa m'boma la Milange, kutsidya kwa malire athu a Muloza, chifukwa cha chikhulupiriro choti m'mutu wadazi muli golide. Mulibe golide, mulibenso tsoka. Ndi mahomoni ndi mtundu basi.

Nanga kuwokerako kumachitika bwanji?

Nzeru yake ndi yakale. Dokotala wa ku Japan, Shoji Okuda, analemba za njirayi mu 1939, ndipo mu 1959 Norman Orentreich wa ku New York anasonyeza kuti muzu wochotsedwa kunkhongo n'kuikidwa padazi umasunga khalidwe la kumene wachokera, ndiye kuti umapitiriza kumera. Ntchito yonse yatsamira pamenepo.

Tsitsi silimera limodzilimodzi. Limamera m'timagulu ta tsitsi limodzi, awiri, atatu kapena anayi, ndipo kagulu kalikonse kakachotsedwa ndi muzu wake madokotala amakatcha graft. Njira zochotsera zilipo ziwiri. Yoyamba, FUT, dokotala amadula kachikopa kakatali kunkhongo, kuchokera kufupi ndi khutu lina kukafika kufupi ndi linzake, n'kusoka balalo, ndipo omuthandiza amagawa kachikopako pa makina okuzira zinthu kuti apeze ma graft. Kumatsala chipsera cha mzere. Yachiwiri, FUE, imene inatchuka kuyambira mu 2002, amameta kunkhongo konse n'kumaboola kagulu kamodzikamodzi ndi kachitsulo kozungulira, kotambalala pafupifupi milimita imodzi. Kumatsala timadontho ta zipsera tambirimbiri. Amene amakuuzani kuti FUE siisiya chipsera akukunamizani.

Munthu sagonekedwa tulo. Amabayidwa jakisoni wochititsa dzanzi kumutu, n'kugona chafufumimba maola angapo pamene akuzula, kenako n'kutembenuka kuti aboole timabowo padazi ndi kulowetsamo ma graft ndi timbano ting'onoting'ono. Ntchito yaikulu imatha tsiku lonse, maola 6 mpaka 8, nthawi zina masiku awiri. Ikagwiridwa ndi odziwa, ma graft pafupifupi 9 pa 10 aliwonse amagwira.

Ngati amagwira chonchi, vuto lili pati kwa ine wa dazi lalikulu?

Vuto ndi loti opaleshoniyi siipanga tsitsi latsopano ngakhale limodzi. Imangosamutsa limene muli nalo. Amene anawokerapo mpunga kudambo akudziwa kuti ngati nazale ndi yaing'ono ndipo munda ndi waukulu, pali njira ziwiri zokha: kubzala mothithikana mbali imodzi ya munda n'kusiya mbali ina, kapena kumwaza mbande patalipatali munda wonse n'kumaoneka dothi paliponse. Kusiyana kwake n'koti pamene mwazula tsitsi kunkhongo sipameranso mpaka kalekale. Ndipo tsitsi la munthu wina, ngakhale m'bale wanu wa bere limodzi, thupi lanu lingalikane.

Madokotala amayeza dazi ndi muyeso umene Hamilton anayamba mu 1951 ndipo O'Tar Norwood anaukonzanso mu 1975. Uli ndi masitepe 7. Pa sitepe 3 tsitsi lalowa m'makona a pamphumi. Pa sitepe 5 dazi la kutsogolo ndi la paliwombo zalekanitsidwa ndi kamlatho kopyapyala ka tsitsi. Pa sitepe 6 kamlathoko kapita, ndipo pa 7 kwangotsala mzere wopapatiza kumbuyo ndi m'mbali.

Tiyeni tiwerengere. Dazi la sitepe 6 kapena 7 likhoza kukula masikweya sentimita 200, mwinanso kuposa. Kuti malo owokeredwa aoneke kuti pali tsitsi, pamafunika ma graft 30 mpaka 40 pa sikweya sentimita iliyonse, ndipotu imeneyo ndi pafupifupi theka chabe la mmene tsitsi lachibadwa limathithikanira. Chulukitsani 200 ndi 35, mupeza 7,000. Pomwe kunkhongo kwa amuna ambiri kungapereke ma graft apakati pa 4,000 ndi 8,000 moyo wawo wonse, osati ulendo umodzi, ndipo wa sitepe 7 amakhala kumunsi kwa chiwerengerochi chifukwa mzere wake ndi wochepa kale. Munthu amene akufunikira tsitsi lambiri ndi yemweyo amene ali ndi lochepa loti n'kupereka. Masamu amenewa sasintha ngakhale chipatala chikhale chokongola chotani.

Bwanji madokotala amachita mphwayi ndi paliwombo? Kwa ine ndi pamene pamandichititsa manyazi kwambiri.

Manyaziwo ndi omveka. Paliwombo ndi pamene anzanu amaona mukakhala kutsogolo m'tchalitchi kapena mu minibasi, ndiponso mukawerama pokonza ukonde. Koma ndi malo amene amadya ma graft ambiri n'kubweza zochepa, pa zifukwa zingapo.

Choyamba ndi kakulidwe kake. Dazi la paliwombo ndi lozungulira, ndipo chozungulira chikatambalala kawiri, malo ake amakula kanayi. Kadazi kotambalala masentimita 5 kali ndi masikweya sentimita pafupifupi 20. Kakafika masentimita 10, malowo akhala pafupifupi 79. Pa ma graft 35 aja, ndiye kuti mwachoka pa 700 kufika pa pafupifupi 2,800, paliwombo pokha, kutsogolo musanakhudzeko.

Chachiwiri ndi mmene tsitsi limagonera. Kutsogolo tsitsi lonse limaloza mbali imodzi, lina limaphimba pa linzake, ndiye lochepa limaoneka lambiri. Paliwombo limazungulira n'kumabalalika kuchokera pakati kupita mbali zonse. Silithandizana kuphimba, ndipo wokuyang'anani ali kumbuyo amaona khungu mwachindunji, makamaka dzuwa likakhala paliwombo pomwepo.

Chachitatu, chimene ine ndimachiona kuti n'choopsa kwambiri, ndi choti dazi la paliwombo siliima. Mnyamata wa zaka 28 akadzaza kadazi kake lero, tsitsi lowokeredwalo likhalapo, koma lachibadwa lozungulira pamenepo lipitiriza kuthothoka. Pofika zaka 40 amakhala ndi kachilumba ka tsitsi pakati, kozunguliridwa ndi mkombero woyera. Palibe munthu amene amabadwa ndi mutu wotero, ndipo aliyense amadziwa kuti panachitika kanthu. Kuti akonze, ayenera kubwereranso ku opaleshoni, koma ma graft aja anatha kale. Dazi wamba anthu analizolowera, salicheukira n'komwe. Mutu wowokeredwa molakwika ndi umene amaucheukira.

Ndiye dokotala woona mtima angandiuze chiyani?

Angakuuzeni kuti muyambe kutsogolo. Tsitsi la pamphumi ndi limene limakonza nkhope, limene mumaliona pagalasi ndi pa chithunzi cha chiphaso. Ma graft 2,500 kapena 3,000 oikidwa kutsogolo ndi pakati amasintha maonekedwe a munthu kuposa omwewo atathiridwa paliwombo. Angakujambulireni mzere wa pamphumi wokwererako, woyenera bambo wa zaka 50, osati wa mnyamata wa Fomu 2, chifukwa mzere wotsika umadya ma graft ambiri ndipo umadzaoneka wachilendo mukakalamba. Za paliwombo angati mudikire chaka, muone zotsatira za ulendo woyamba, ndipo ngati kunkhongo kwatsala kanthu, adzapaphimbe mopyapyala. Kwa ambiri a sitepe 6 ndi 7, paliwombo podzaza bwino sipatheka. Chotheka ndi kuchepetsa kuwala kwake.

Ena amawonjezera ndi tsitsi la ndevu, la pansi pa chibwano. Limathandizako pakati pa mutu ndi paliwombo, koma ndi lokhakhala, ndipo amene ndevu zake zimatuluka tiziphuphu akameta ayenera kusamala nazo.

Zithunzi zambiri zimene timaona ndi za azungu ndi Aluya. Nanga ife a tsitsi lopotana ndi khungu lakuda?

Funso limeneli ndi lofunika kuposa la mtengo. Tsitsi lathu lili ndi mwayi umodzi waukulu. Chifukwa chopotana, limatenga malo ambiri ndipo limabisa khungu bwino, komanso mtundu wa tsitsi ndi wa khungu sizisiyana kwambiri, ndiye mipata siioneka msanga. Ma graft ochepa akhoza kuoneka ambiri pa ife kusiyana ndi pa mzungu wa tsitsi lowongoka.

Koma kupotanako sikuyambira kunja kokha. Muzu nawonso ndi wokhota pansi pa khungu. Kachitsulo ka FUE kamalowa mowongoka, ndiye ngati woboolayo anazolowera tsitsi lowongoka, amadula mizu yambiri pakati. Muzu wodulidwa watayika kawiri: sumera kumene wapita, ndipo kumene wachoka kwawonongeka. Ndiponso kawirikawiri mizu yathu pa sikweya sentimita imakhala yocheperapo poyerekeza ndi ya azungu, kutanthauza kuti nazale ija ya kunkhongo ndi yochepa kale. Pachifukwachi pamafunika dokotala amene anagwirapo mitu yambiri ya anthu akuda, wokhala ndi zitsulo zoyenera tsitsi lopotana, ndipo nthawi zina FUT ndi imene imateteza mizu bwino.

Chinanso ndi zipsera zotupa, zija zimakula kupitirira bala, zolimba ndi zonyezimira, zimene timaziona pa makutu a atsikana ena ataboola ndolo kapena pachifuwa pamene panatemedwa mphini. Madokotala amati keloid, ndipo zimachitika kwambiri pa khungu lakuda. Palinso tiziphuphu touma ta kunkhongo, timene timavutitsa amuna ambiri ometa pafupipafupi ndi mashini kapena lezala, n'kumalumikizana mpaka kukhala chotupa chopanda tsitsi. Pitani pa shopu ya ometa iliyonse pa Mangochi boma, muimirire kumbuyo kwa mipando, simuchedwa kuona wina ali nato. Tiziphuphu timeneti timakhala pamalo enieni amene dokotala amafuna kuzulapo ma graft. Ngati muli nato, kapena thupi lanu limachita zipsera zotupa, opaleshoniyi ikhoza kukusiyani ndi vuto loposa dazi. Dokotala wosamala amayamba wayesa ma graft ochepa, n'kudikira miyezi ingapo kuti aone mmene khungu lapolera. Amene sakufunsani n'komwe za zipsera zanu, mutsanzikeni.

Kodi aliyense amene tsitsi likuthothoka paliwombo ndiye kuti ndi dazi la kumtundu?

Ayi, ndipo apa ndi pamene munthu angapulumutse ndalama zake. Chipere chimathothola tsitsi, makamaka kwa ana, ndipo chimachizika ndi mankhwala akumwa. Pali matenda ena amene chitetezo cha m'thupi chimaukira mizu n'kusiya zigamba zozungulira zosalala, ndipo nthawi zambiri tsitsi limabwerera. Chindoko chikakhalitsa chimathothola tsitsi mwa apo ndi apo. Kuchepa magazi, matenda a chithokomiro, kudwala kwambiri ndi mankhwala ena amachitanso zomwezo. Kwa amayi, kuluka kokoka kwambiri ndi mamesh olemera zimadya tsitsi la m'mbali mwa mphumi, ndipo pali nthenda ina yofala mwa amayi akuda imene imayambira paliwombo penipeni n'kumafalikira, ikuwononga mizu ndi kusiya khungu losalala. Imeneyo imafuna chithandizo chamsanga, ndipo kuwokera pamalo amene nthendayo ikadali yamoyo n'kutaya ma graft.

Choncho ulendo woyamba si wa ku Chileka kukakwera ndege. Yambani pa chipatala cha St Martin's pompano kapena ku chipatala cha boma ku Mangochi, mupemphe kuonana ndi woona za khungu, ndipo ngati pafunika akutumizani ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Zipatala zimenezi ntchito yake si kuwokera tsitsi, koma zingakuuzeni chimene chikudya tsitsi lanu, zingakuyezeni shuga ndi kuthamanga kwa magazi, zinthu zimene ziyenera kukhala m'malo musanachitidwe opaleshoni ina iliyonse. Osuta fodya adziwenso kuti fodya amachedwetsa kupola kwa mabala ndipo amachepetsa ma graft ogwira.

Palibe mankhwala oti n'kumwa kapena kudzola m'malo mwa mpeni?

Alipo awiri amene anayesedwa mokwanira. Minoxidil ndi wodzola, ndipo analoledwa ku America mu 1988. Finasteride ndi piritsi la 1 mg patsiku, limene linaloledwa pa vuto la dazi mu 1997, ndipo limachepetsa DHT m'thupi. Chosangalatsa n'choti onse awiri amagwira bwino kwambiri paliwombo, pomwe opaleshoni imavutikira. Ngati paliwombo panu pakadali tsitsi lopyapyala, mankhwalawa akhoza kulilimbitsa ndi kuimitsa kufalikira kwa dazi. Ngati payera kale psiti kwa zaka zambiri, sangadzutse mizu yakufa.

Amafuna kupirira. Zotsatira zimaoneka pakatha miyezi 4 mpaka 6 kapena kuposa, ndipo mukasiya, zonse zimene munapindula zimatha m'kati mwa chaka chimodzi. Finasteride ali ndi zovuta zake zimene bambo ayenera kuzidziwa asanayambe. Pa kafukufuku woyamba, amuna pafupifupi 2 pa 100 aliwonse anadandaula za kuchepa kwa chilakolako kapena mphamvu za m'banja, ndipo ena amanena za kukhumudwa m'maganizo. Amatsitsanso ndi theka chiwerengero cha PSA, chimene madokotala amayezera khansa ya prostate, ndiye wokuyezani muyenera kumuuza kuti mukumwa. Mayi woyembekezera asagwire piritsi losweka. Awa si mankhwala ogula pa benchi ya mumsika kapena otumiziridwa ndi mnzanu pa basi. Akulembereni dokotala.

Ngakhale wochitidwa opaleshoni amalangizidwa kumwa kapena kudzola mankhwalawa kuti tsitsi lachibadwa lotsala lisapitirize kutha. Amene sakufuna mankhwala moyo wake wonse aganize kawiri za kuwokera.

Mafuta osiyanasiyana amene amagulitsidwa m'misika ndi pa WhatsApp, aja amalonjeza tsitsi m'masabata awiri, angafewetse khungu koma sabweza dazi la kumtundu.

Koma Wayne Rooney uja zinamuyendera bwanji?

Rooney, amene ankasewera mpira ku England, anawokeredwa tsitsi ku London mu 2011 ali ndi zaka 25, ndipo iye mwini analengeza poyera. Mu 2013 anabwereranso kachiwiri. Ameneyo ndi munthu amene ndalama sizinali vuto, wokhala pafupi ndi madokotala ake, koma ulendo umodzi sunakwane. Mukamawerengera zanu, werengerani maulendo awiri.

Ndikachitidwa opaleshoni, ndingabwerere liti kunyanja kapena pa kabaza?

Osati msanga. Masiku 10 oyambirira ma graft amakhala asanagwire, moti kungogunda mutu pa chitseko cha galimoto kapena kukanda usiku muli m'tulo kukhoza kuwazula. Pamphumi pamatupa masiku angapo, nthawi zina kutupako kumatsikira m'maso. Mumagona chokhala, mutu uli pamwamba. Kagraft kalikonse kamachita kankhanambo kake, ndipo mutu umatsukidwa mosamala tsiku ndi tsiku ndi madzi aukhondo mpaka nkhanambozo zitagwa pakatha pafupifupi masabata awiri. Amene wachitidwira ku Johannesburg asaganize zokwera basi mawa lake kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, masiku awiri ali m'fumbi ndi thukuta, mutu ukugunda pa mpando. Akhale komweko mpaka dokotala amuonenso.

Kuno kwathu zovuta ndi dzuwa ndi madzi. Kwa pafupifupi mwezi wathunthu simuyenera kusambira kapena kumiza mutu m'nyanja, kusenza katundu, kapena kugwira ntchito yotulutsa thukuta kwambiri, ndipo helimeti ya njinga yamoto iyenera kudikira mpaka dokotala atalola. Dzuwa la Mangochi la mu Okutobala ndi Novembala ndi loopsa pa khungu longoboola kumene, ndiye pafunika chipewa chomasuka kwa miyezi ingapo. Msodzi wopita ku chilimira usiku uliwonse awerengere mwezi wopanda ntchito pa mtengo wa opaleshoniyo.

Kenako pamabwera chimene chimadetsa nkhawa ambiri. Pakati pa sabata yachiwiri ndi yachisanu ndi chitatu, tsitsi lowokeredwa lija limathothoka pafupifupi lonse. Si kulephera, mizu imakhala ilimo. Latsopano limayamba kutuluka pa mwezi wachitatu kapena wachinayi, zotsatira zenizeni zimaoneka pakatha chaka, ndipo paliwombo pamachedwerapo, mpaka miyezi 18.

Ine ndine Msilamu. Kodi chipembedzo chimalola?

Akatswiri ambiri a malamulo a Chisilamu amasiyanitsa kulumikiza tsitsi la munthu wina, kumene n'koletsedwa, ndi kusamutsa tsitsi la mwini wake pobwezeretsa limene linatayika. Shehe Ibn Uthaymin wa ku Saudi Arabia ndi mmodzi mwa amene analola kuwokera pa chifukwa chimenechi. Chofunika kukambirana ndi a shehe anu pamodzi ndi dokotala ndi cha masiku oyambirira: kupaka madzi kumutu potawaza ndi kusujudu pamene pamphumi pali mabala. Palinso njira ina yobisira dazi, yodinda timadontho takuda pakhungu kuti mutu uzioneka ngati wometedwa kumene. Popeza imafanana ndi kudinda chizindikiro pathupi, imeneyo funsani kaye.

Zimadya ndalama zingati, ndipo ndingadziwe bwanji chipatala chodalirika?

Zipatala zambiri zimalipiritsa pa graft iliyonse, ndiye wa dazi lalikulu ndi amene amalipira kwambiri. Ndi ndalama za mamiliyoni a kwacha, zolipira mu rand, dola kapena euro, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza, makamaka kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Muwonjezerepo ulendo, malo ogona, mankhwala a mwezi ndi mwezi, ndi ulendo wachiwiri. Inshuwalansi za zaumoyo kawirikawiri sizilipira chifukwa zimaitenga ngati opaleshoni yokongoletsa.

Istanbul inatchuka chifukwa chotchipa, ndipo kuli madokotala aluso ndithu. Koma kulinso malo amene amalandira anthu ambirimbiri patsiku, dokotala n'kungojambula mzere pamphumi, ntchito yonse n'kusiyira anthu amene si madokotala. Bungwe la madokotala a ntchitoyi padziko lonse, ISHRS, lakhala likuchenjeza za malo oterewa m'mayiko osiyanasiyana. Chizindikiro chawo chachikulu ndi lonjezo la ma graft ochuluka kwambiri tsiku limodzi pa mtengo umodzi, ndiponso kukuuzani kuti zonse zitheka atangoona chithunzi cha pa WhatsApp. Akazula mopitirira muyeso, kunkhongo kumatsala zigambazigamba, ndipo zikatero ngakhale kumeta mpala sikukubisaninso, chifukwa zipsera zimaonekera.

Funsani dzina la dokotala amene adzagwire zitsulo, osati dzina la chipatala lokha. Ku South Africa mukhoza kufufuza dzinalo m'kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala kumeneko, pa intaneti, ndipo aliyense wochita opaleshoni kuno kwathu ayenera kukhala wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Pemphani zithunzi za anthu akuda a dazi lofanana ndi lanu, zojambulidwa pakatha chaka, zoonetsa paliwombo ndi kunkhongo komwe, pa kuwala kwa masana. Funsani kuti kunkhongo kwanu kungapereke ma graft angati moyo wanu wonse ndipo atsala angati akamaliza. Funsaninso kuti bala likatukusira muli ku Malindi mudzathandizidwa ndi ndani. Dokotala amene angakuuzeni kuti simukuyenera opaleshoni, ameneyo ndiye wokhulupirika.

Mutakhala inu mungalangize chiyani?

Zimadalira mutu umene uli patsogolo panga. Mnyamata wosafika zaka 25, kapena aliyense amene paliwombo pangoyamba kupyapyala, apite kwa woona za khungu akambirane za mankhwala, mpeni audikire. Bambo wa zaka za m'ma 40, wa sitepe 4 kapena 5, amene dazi lake laima, kunkhongo kuli tsitsi lothithikana, khungu lake silichita zipsera zotupa, ndipo ndalama ali nazo zosachita kukongola, ameneyo akhoza kupindula, bola avomere kuti kutsogolo ndiye koyamba ndipo paliwombo padzakhalabe popyapyala.

Koma wa sitepe 6 yakuya kapena 7, wa mzere wopapatiza kumbuyo, ine ndingamuuze mosabisa kuti chimene akufuna, mutu wodzaza kuyambira pamphumi mpaka paliwombo, palibe dokotala angamupatse. Kuwawa kwa dazi sindikupeputsa, makamaka likabwera munthu asanakwatire, anzake n'kumamutcha mdala ali mnyamata. Koma mpala wometedwa bwino ndi mashini aukhondo umamukhala mwamuna wakuda, ndipo chipewa chimateteza khungu ku dzuwa. Achimwene, musagulitse boti, injini kapena poloti chifukwa cha chithunzi cha pa foni. Yambani mwaonetsa mutu wanu kwa woona za khungu, akuuzeni sitepe imene muli ndi mmene kunkhongo kwanu kulili.